Bomba likaphulika mu Lusaka, kodi tidzadyana tokhatokha?

Uthenga wa sabata ino wachokera kwa mai wina wa ku Chawama, ndaufupikitsa pang'ono:

"Ine ndine mai wa ana atatu, ndili ndi kashopu ka zovala mu town ndipo katundu ndimakaoda ku Dar es Salaam. Chiyambire pamene mlamu wanga ananditumizira kavidiyo ka zigawenga zikuombera anthu mu mall ya ku Kenya, pamodzi ndi voice note yoti akuti ifenso tili pa mndandanda, tulo tinathawa. Bomba lenilenilo sindiliopa kwambiri, chimene ndiopa ndi za pambuyo pake, chifukwa nthawi ya gassing, ija yomati anthu akupopera mankhwala m'nyumba usiku, ndinaona ndi maso anga munthu akumenyedwa ndi anthu amene ndimapemphera nawo. Amuna anga akuti tigule matumba asanu a unga ndi chikwanje ndipo ana asiye kupita mu town. Mu minibasi ndikaona munthu wabereka chikwama kumsana mtima uchita kugunda ngati uphulika. Kodi zikachitika kuno tidzadyana tokhatokha? Kapena ine mutu wayamba kuzungulira?"

Amai, khazikani mtima pansi, mutu wanu uli bwinobwino. Ine ndinayambira ku unamwino kenako ndinalowa uphungu, zaka zadutsa makumi awiri tsopano, ndipo amene akhala pa benchi langa kunena zomwe mukunenazi ndi ambiri, ndi azibambo a zifuwa zawo omwe. Mtima kugunda, thukuta m'manja, kuyang'anayang'ana kuti khomo lili kuti mukalowa mu sitolo, limenelo ndi thupi likugwira ntchito yake ya ulonda. Vuto lake thupi silitha kusiyanitsa ngozi imene ili pakhomo ndi ngozi imene ili mu foni, likaona magazi pa sikirini limangoti basi zafika. Ndipo inu muli ndi chifukwa china chapadera, munaonapo kale munthu akumenyedwa ndi gulu, ndiye kavidiyoko kangotokosa chilonda chakale.

Kavidiyoko ndikukhulupirira kuti ndi ka ku mall ya Westgate, chifukwa ndi kamene kamazungulira kwambiri ndipo nthawi zonse kamabwera ngati zachitika dzulo. Zinachitika pa 21 September 2013 ku Nairobi, zigawenga za al-Shabaab zinapha anthu 67 ndipo zinatenga masiku anayi kuti zithe. Sindikunyengererani kuti zigawenga zili kutali kwambiri ai, ku Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique nkhondo yawo inayamba mu 2017 ndipo mu March 2021 anagwira tauni ya Palma. Koma chiwembu cha mtundu wa Westgate kuno ku Zambia sichinachitikepo. Akuluakulu adzakumbukira ndege za Rhodesia zikuphulitsa kampu ya Chikumbi pafupi ndi Lusaka mu October 1978, enanso tikumbukira mabomba a mu February 1999 pamene mlonda anafa ku embase ya Angola ndipo madzi anasowa m'mipopi, koma Lusaka sinagawanike chifukwa cha zimenezo, m'mawa mwake anthu anadzuka nkupita kumsika.

Tsopano ku funso lanu lenileni. Chimene anthu ambiri sakhulupirira ndikawauza nchakuti pamalo penipeni pamene bomba laphulika ndi pamene anthu amakhala ndi umunthu kwambiri. M'mafilimu amationetsa aliyense akukuwa, akuponda mnzake, koma zoona zake sizikhala choncho kawirikawiri. Pa 7 August 1998 pamene anaphulitsa ma embase a America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam komwe mumakaodako, ku Nairobi kunafa anthu 213, ku Dar 11, nyumba ya Ufundi imene inali pambali pa embase inagwa yonse, ndipo amene anayamba kufukula anzawo m'zigumukire anali anthu wamba ongodutsa, ndi manja awo, ovulala kuwanyamula m'magalimoto a anthu. Nthawi ya Westgate anthu anaima mizere italiitali kukapereka magazi. Ku New York pa 11 September 2001 eni maboti, a zombo zokoka zinzake, a maboti a alendo, anapita okha kukaolotsa anthu pafupifupi 500,000 kuchoka ku Manhattan tsiku limodzi. Ku London pambuyo pa mabomba a pa 7 July 2005 amene anapha anthu 52, katswiri wa za maganizo John Drury ndi anzake anafufuza zimene opulumuka anakumana nazo m'masitima a pansi pa nthaka muja, ndipo chimene chinamveka mobwerezabwereza chinali anthu osadziwana kupatsana madzi, kumangana mabala, kulimbitsana mtima mumdima. Ngozi ikakugwerani pamodzi, amene mwakhala naye mpando umodzi amasanduka m'bale wanu nthawi yomweyo.

Mavuto amayambira kwa ife amene tili patali, amene sitinaone kanthu koma tamva. Apa ndiye ndikufuna mumvetsetse bwino chifukwa mantha anu ali ndi pogwira. Pa 2 April 2015 zigawenga zinapha anthu 148 pa koleji ya Garissa ku Kenya. Patangopita masiku khumi, pa kampasi ya Kikuyu ya University of Nairobi magetsi anaphulika m'bandakucha, ana a sukulu anaganiza kuti zigawenga zafika, anayamba kudumpha m'mawindo a nyumba zosanja, mmodzi anafa ndipo oposa 100 anavulala, popanda chigawenga ngakhale chimodzi. Chaka chomwecho mu November pa Strathmore University anachita zoyeserera chabe kuti aone ngati anthu ali okonzeka, koma ambiri sanauzidwe, mai wina wogwira ntchito pamenepo anataya moyo. Choopsa kuposa zonse chinachitika ku Baghdad pa 31 August 2005, khamu la opembedza likuoloka mlatho wina anangofuula kuti pali munthu wavala bomba, anthu pafupifupi 1,000 anafa mopanikizana ndi kugwera mumtsinje wa Tigris. Bombalo panalibe.

Ndipo ife sitifunikira kupita ku Baghdad kuti tiphunzire. Mu April 2016 mitembo itapezeka ku George ndi ku Zingalume, mphekesera inangoti ndi a ku Rwanda a mashopu, m'masiku awiri mashopu oposa 60 anaphwanyidwa, anthu awiri anatenthedwa amoyo ku Kanyama ndipo onse awiri anali a Zambia anzathu, mabanja a othawa kwawo anakabisala ku tchalitchi cha St Ignatius. Ndiye inabwera gassing imene inayambira ku Chingola kumapeto kwa 2019 nkufika kuno mu February 2020, mpaka asilikali kulowa m'misewu, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu m'dziko lonse. Abale athu ku Mulanje ndi ku Phalombe anaona zofanana mu 2017 ndi nkhani ya anamapopa.

Usiku umodzi wa nthawi imeneyo sindidzauiwala. Ndinali pa kiliniki ina mu komboni, kunja malikhweru, mapoto akulira, matayala akuyaka pa mphambano, ndipo azimai amabwera atanyamulidwa akuti apoperedwa. Mtsikana wina wa giredi 9 anabwera akupuma mothamanga, zala zitapindika, milomo yachita dzanzi, mai ake akulira kuti mwana wanga wapita. Tinamuyeza zonse, mpweya m'magazi uli bwino, chifuwa chili bwino. Ndinangokhala naye pansi, dzanja lake pa mimba yanga kuti azitsatira mmene ndikupumira, patapita mphindi makumi awiri zala zinaongoka, anapempha madzi. Sikuti amanama ai, munthu akapuma mothamanga chifukwa cha mantha thupi limatayadi mpweya wina wofunikira ndipo zala zimachitadi dzanzi, mutu umachitadi chizwezwe, ndiye oonerera amati mwaona, mankhwala aja agwira, nawonso nkuyamba. Chakum'mawa anatibweretsera bambo wina pa wilibala, nkhope yosazindikirika. Mlandu wake unali woti anatsika basi usiku malo olakwika ndipo atafunsidwa kuti mupita kwa ndani anachita chibwibwi. M'chikwama chake munali buluku, sopo ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ena mwa amene anamumenya ndinkawadziwa, ana awo ndinawabaya katemera ndine.

Nchifukwa chiyani anthu abwinobwino amafika pamenepo? Zimene ndaona ine, pamakhala zinthu zimene zimakumana. Anthu sakudziwa chikuchitika nchiyani, a boma achedwa kulankhula kapena alankhula zosiyanasiyana, ndiye mpata umenewo umadzazidwa ndi voice note, akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu akhala masiku osagona akulondera, ndipo munthu wosagona saganiza bwino, izi musazichepetse. Mdani weniweni saoneka, ndiye mkwiyo umafuna nkhope, umagwera amene ali pafupi ndipo alibe omuteteza, mlendo, wodwala misala, gogo woiwalaiwala amene wasochera, munthu wovala mosiyana ndi ife. Pamwamba pake onjezani ochenjera amene ali ndi ngongole ku shopu ija kapena akhala akusirira firiji ya mwini wake, amenewa ndi amene amaponya mwala woyamba, ena amangotsatira. Ku America patangopita masiku anayi kuchokera pa 11 September, Balbir Singh Sodhi anaomberedwa pa filing'i sitesheni yake ku Arizona chifukwa cha nduwira ya kumutu, chonsecho anali Msikh wochokera ku India. Ku Sri Lanka mabomba a pa Pasaka wa 2019 atapha anthu oposa 250, patapita masabata atatu magulu anayamba kutentha mashopu ndi mizikiti ya Asilamu osalakwa. Ndikanena izi ndimaganiza za abale a ku Somalia amene ali ku Chaisa ndi Asilamu anzathu a kwa Chipata ndi kuno, tsiku loipa likadzafika amene adzagone ndi mantha oyamba ndi iwowo. Ndipo zimenezo ndiye zimene zigawenga zimafuna, zilibe mphamvu yogonjetsa dziko ndi mfuti zinayi, zimadalira kuti ntchito yotsalayo tidzaimaliza tokha.

Nanga unga ndi chikwanje cha abambo? Musawaseke, nawonso ndi mantha omwewo, mwamuna akaopa amafuna chogwira m'manja. Unga thumba limodzi lapadera, nyemba, kapenta, makala, madzi m'zigubu, makandulo, kawailesi ka mabatire, zimenezi ndi nzeru ndipo ndi malaiti athu omapitapitawa zimathandiza ngakhale popanda chigawenga. Chimene anthu amaiwala ndi mankhwala, ngati m'nyumba muli wa BP, wa shuga kapena wa ma ARV asamadikire kuti mbewu yomaliza ithe. Sunganinso kandalama ka m'manja pang'ono chifukwa netiweki ikadzaza ndalama ya mu foni imangokhala nambala. Koma matumba asanu ai, aneba akakuonani nawonso athamanga, pofika madzulo mashelefu ali mbee mtengo wakwera ndipo njala imene timaiopa taipanga tokha. Chikwanje ndiye ndikukana kotheratu. Munthu wa mfuti simungamuletse ndi chikwanje, amene chidzamutema ndi mwana wa aneba wobwera usiku kuchokera kokaonera mpira, ndipo abambo adzakagona ku ndende ya Mukobeko pa mlandu wakupha.

Chothandiza kuposa zonsezo sichifuna ndalama. Khalani pansi ndi ana mugwirizane kuti zinthu zikavuta tidzakumana pati, malo amodzi pafupi ndi nyumba, ena kwa wachibale wa komboni ina. Mwana aliyense aloweze pamtima nambala ya mai kapena ya bambo, ana a masiku ano foni ikatayika sadziwa nambala ngakhale imodzi. Muwauze kuti akakhala kusukulu akhale komweko mpaka muwatenge. Mafoni akamakana kulowa tumizani SMS, imadutsa mosavuta kuposa kuimba. Apolisi ndi 991, ozimitsa moto 993. Kuwaletsa kupita mu town sindikugwirizana nako, mukawatsekera m'nyumba mukuwaphunzitsa kuti dziko lonse ndi msampha, ndipo mantha otero amavuta kuwachotsa akakula. Mantha amathanso kutithamangitsira kungozi yaikulu, pambuyo pa 11 September anthu ambiri ku America anaopa ndege nkuyamba kuyenda maulendo aatali pa galimoto, ndipo wofufuza wina, Gerd Gigerenzer, anawerengera kuti m'chaka chotsatiracho anthu ena pafupifupi 1,500 anafera pamsewu chifukwa cha zimenezo. Inuyo pa ulendo wa ku Dar, ngozi yanu yaikulu ndi basi yothamanga pa Great North Road kupita ku Nakonde, kumeneko ndiye muzisankha bwino.

Zitati zachitikadi muli pomwepo, tinene ku City Market kapena mu mall, mukamva kuphulika kapena mfuti musapite kukaona. Ichi ndi chilema chathu ife a mu Lusaka, ngozi ikachitika timathamangira komweko foni m'mwamba. Ku Nairobi mu 1998 anthu ambiri anavulala m'maso ndi magalasi chifukwa atamva phokoso loyamba anapita pa windo kukasuzumira, ndiye bomba lalikulu linaphulika ali pomwepo, ndipo zigawenga nthawi zina zimatchera lachiwiri kudikira oonerera ndi othandiza. Ngati njira ilipo thawani, katundu msiyeni, bale la zovala lidzagulidwa lina. Ngati njira palibe bisalani kumbuyo kwa khoma la njerwa, tsekani chitseko, foni muitseke pakamwa. Mukakumana ndi apolisi kapena asilikali manja aoneke, musawathamangire, nawonso amakhala ndi mantha. Mukapezeka m'khamu lopanikizana, chimene chimapha ndi kufinyidwa chifuwa mpaka kulephera kupuma, monga zinachitikira pa bwalo la masewera la OYDC kuno ku Lusaka mu March 2017 pamene anthu 8 anafa polimbirana chakudya. Ikani mikono patsogolo pa chifuwa ngati wankhonya, musalimbane ndi khamu, yendani nalo uku mukupendekera m'mbali pang'onopang'ono, chikagwa chinthu musawerame, mwana wamng'ono mnyamuleni m'mwamba. Munthu akamataya magazi, chitenje chanu chomwecho pindani, kanikizani pa bala mwamphamvu osasiya kuti muone ngati aleka.

Za foni ndilankhulepo mosabisa. Pambuyo pa bomba la pa mpikisano wothamanga ku Boston mu 2013, ofufuza anapeza kuti anthu amene amaonera nkhaniyo maola 6 kapena kuposa pa tsiku anali ndi nkhawa yaikulu kuposa ena amene analipo pamalopo. Ndiye kavidiyo kaja kafufuteni, musakaonerenso, ndipo ana asakaone. Nkhani muzimva kawiri pa tsiku pa wailesi kapena TV imene ili ndi dzina ndi adiresi, osati usiku mukupita kogona. Voice note iliyonse yoyamba ndi "msuweni wanga amene agwira ntchito ku boma wandiuza" ndi kutha ndi "tumizani kwa onse amene mumawakonda", imfere mu foni yanu. Ngati muli ndi chokayikitsa chenicheni, chikwama chosiyidwa, munthu wofunsa mafunso achilendo, kauzeni apolisi mwakachetechete, osati kukuwa pagulu, chifukwa mukangokuwa simungathenso kubweza zimene zichitike. Ndipo gulu likayamba kuzungulira munthu, nthawi yopulumutsa ndi mphindi zoyambirira pamene akufunsana, munthu mmodzi wodziwika akanena kuti uyu ndimudziwa kapena tiyeni naye kupolisi, ena awiri nkuvomereza, nthawi zambiri zimazizira. Miyala ikayamba kuuluka musalowepo nokha, imbani foni. Nchifukwa chake ndimalimbikitsa kuti azimai a chilimba, a mabungwe a kutchalitchi, a kumzikiti, atcheyamani a msika azidziwana kukadali bata.

Tsopano za inuyo. Mu minibasi muja mtima ukayamba, musatsike, chifukwa mukatsika mumapeza mpumulo wa kanthawi koma thupi limaphunzira kuti ndapulumuka chifukwa ndathawa, mawa mantha amabwera okulirapo. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, muutulutse motalikirapo kuposa mmene munaukokera, pondani pansi mwamphamvu, werengani zinthu zimene mukuona, chipewa cha kondakita, mtundu wa mpando, zikwangwani za pa Kafue Road. Mantha amakwera, amafika pachimake, amatsika okha. Tiyi wambiri ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija chepetsani, ndipo chonde musagule mapilisi a tulo a diazepam pa kauntala kapena kumwa a mnzanu, amazoloweretsa msanga ndipo sachiritsa chimene chikukuvutani. Mowa chimodzimodzi, izi muwauzenso abambo.

Anthu ambiri amachira okha, ngakhale amene anaona zoopsa ndi maso. Ku Manhattan patapita mwezi umodzi kapena iwiri kuchokera pa 11 September, anthu pafupifupi 7 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akaona zoopsa, pofika miyezi isanu ndi umodzi sanakwane ndi mmodzi yemwe mwa 100. Koma pali pamene simuyenera kudikira. Ngati papita mwezi tulo tisakubwera, maloto a munthu womenyedwa uja akubwerezabwereza, mwayamba kutseka shopu kapena kulephera kukwera basi, mukukalipira ana popanda chifukwa, pitani ku kiliniki yanu mukafunse mphungu kapena namwino wa za maganizo, akaona kuti nkofunika adzakutumizani ku chipatala cha Chainama kapena ku UTH, ndipo kupita ku Chainama sikutanthauza kuti mwapenga, ambiri amapita m'mawa nkubwerera kukaphika nsima masana. Mukhozanso kuimba 933 ya Lifeline kwaulere, ya ana ndi 116. Mtima kugundako kayezetseninso BP, magazi ndi chithokomiro chifukwa nthawi zina gwero limakhala kumeneko. Chifuwa chikapweteka mpaka kumkono kapena kunsagwada, kapena maganizo odzipha akabwera, limenelo ndi la tsiku lomwelo, musagone nalo. Kwa ana yang'anirani kuyambanso kukodza pogona, kukana sukulu, kumamatira mai, akafunsa ayankheni zoona mwachidule molingana ndi msinkhu wawo.

Ndaona kuti mu uthenga wanu za gassing mwazitchula m'chiganizo chimodzi chokha nkudutsa, koma ine ndikuganiza kuti nkhani yagona pamenepo, makamaka poti anthu aja mumakhala nawo benchi limodzi Lamulungu lililonse ndipo mwina simunauzepo munthu mmene zimakupwetekerani. Mukapita kwa mphungu yambirani pamenepo osati pa kavidiyo. Mlamu wanuyo muuzeni mwaulemu kuti zoterezi asamakutumizireni, akapitiriza gulu la pa WhatsApp limene amatumiziramolo litsekeni pakamwa kwa chaka, sadziwa nkomwe.